Tayala la kalavani lomwe linaphulika pa N3 mizere ikadali yakuya

Kalavani yogonamo ya ekiselo imodzi inabwera pagalaja yathu, kum'mawa kwa Johannesburg, tayala lake lakumanzere litaphulika pa msewu wa N3 pakati pa Warden ndi Harrismith. Unali mwezi wa Disembala, nthawi imene anthu a ku Gauteng amakhamukira kunyanja, ndipo mwini wake, bambo wachikulire wopuma pantchito, ankapita ndi banja lake kugombe la kumwera kwa Durban. Palibe anavulala. Anaika sipeya, nabwerera pang'onopang'ono, zidutswa za tayala atazitolera m'thumba lakuda la pulasitiki. Ndalemba nkhaniyi mwatsatanetsatane chifukwa Amalawi ogwira ntchito ya matayala kuno ku Joni tilipo ambiri, ndipo makalavani ndi ngolo zimatipeza tonse.

Zomwe mwini wake anafotokoza

Kalavaniyo anaigula kwa munthu wina zaka zitatu m'mbuyomo, matayala ali omwewo. Amayenda nayo kawiri pachaka, pa Khrisimasi ndi pa Isitala, ndipo miyezi ina yonse imangokhala pambali pa nyumba, pasimenti, popanda denga. M'mawa wa tsiku la ulendo anaima pamalo omwetsera mafuta, wopopa nafunsa ngati aike 2 bar monga mwa masiku onse, iwo navomera. Matayala onse, a galimoto ndi a kalavani, anapopedwa chimodzimodzi. Ankathamanga pakati pa 110 ndi 120 km/h, dzuwa lili paliwombo. Sanamve kalikonse pachiwongolero. Anadzidzimuka ndi hutala ya galimoto yomwe inkawadutsa, ndipo poyang'ana pagalasi anaona utsi ndi zidutswa zakuda zikuuluka.

Maganizo awo anali atamanga kale. "Tayala ili ndi lachabechabe," anatero. "Taonani mizere yake, silinadyeke n'komwe. Ingondipatsani awiri a dzina lodziwika, ndizipita."

Ndinawayankha kuti, "Bwana, matayala tikugulitsani, koma tiloleni tiyambe taona chomwe chapha ili. Tikapanda kutero, atsopanowo akafera pamalo omwewo." Anavomera kutisiyira kalavani yonse, osati limu yokha, ndipo zimenezi zinathandiza kwambiri.

Zomwe tinapeza

Pa tayala lophulika timayamba ndi kufufuza bowo. Tinayala zidutswa pansi, kuzilumikiza mmene zinalili, n'kuwunika ndi tochi. Bowo la msomali silinapezeke, chigamba chakale munalibenso. Limu inali yosapindika, ndiye kuti dzenje lalikulu sanaligunde. Tinamasula habu kuona mabuleki ndi mabering'i, chifukwa buleki yogwira kapena bering'i youma imatenthetsa limu mpaka kuphika tayala. Girisi anali bwinobwino ndipo chitsulo sichinasinthe mtundu. Mbali imeneyo tinaichotsa pa mndandanda.

Mkati mwa tayala munali ufa wakuda wa labala wodzaza chikhatho, ndipo m'mbali monse munazungulira mzere wamakwinya, wakuda kuposa labala wina. Chizindikiro chimenechi chimabwera tayala likayenda lopanda mpweya wokwanira, khoma lake likupindika mopyola muyezo. Koma pano pafunika kusamala, chifukwa tayala lililonse likaphulika n'kukokedwa mamita mazana angapo limaonetsa zomwezo. Ufawo pawokha sukananena chomwe chinayamba.

Yankho linali pa malamba. Pansi pa labala woponda msewu pamakhala malamba awiri a mawaya achitsulo, opingasana, omatidwa ndi labala wopyapyala. M'mphepete mwa malamba amenewa, paphewa pa tayala, ndi pamene pamatentha kwambiri ndiponso pamene kumatuka kumayambira. Labala akang'ambika mwadzidzidzi, pong'ambikapo pamakhala pokakala, pooneka patsopano. Pa chidutswa chachikulu chomwe bambowo anatola panali malo otalika ngati dzanja la munthu wamkulu omwe anali osalala, ong'anima, ndipo mawaya ake anali ndi dzimbiri. Kusalala kotero kumatanthauza kuti malamba awiriwo anali atasiyana kalekale ndipo ankakhulana mkatimo tayala likuzungulira. Dzimbiri silibwera pa tsiku limodzi. Chinyezi chinalowa kudzera m'ming'alu, ndipo ming'aluyo tinaipeza pansi pa mizere, yopyapyala ngati tsitsi, yooneka pokhapokha utapinda labala ndi zala. Tayala ili linanyamuka pakhomo lili lodwala kale. Msewu wa N3 unangolimaliza.

Tayala lakumanja, lomwe silinaphulike, linatiuza zambiri kuposa lakufalo. Mizere yake inali yakuya 6 mm, pamene lamulo la South Africa limafuna 1 mm yokha, ndiye wapolisi aliyense akanalilola. Geji inaonetsa 200 kPa, yomwe ndi 2 bar ija. Titakweza kalavani pa jeke n'kulizunguza ndi dzanja, linkagwedera pamalo amodzi, ndipo poyendetsa chikhatho pamwamba pake pankamveka kachotupa. Titalidula tinapezamo kumatuka komweko, kukadali kochepa.

Ndiye panali zolembedwa m'mbali. Matayala onse awiri anali 195/70R14 91T, a galimoto yaing'ono yonyamula anthu. Kachikwangwani kachitsulo ka pa chokokera cha kalavani kanali kolembedwa 185R14C, ndi kulemera kololedwa kwa 1,500 kg. Ndiye kuti mwini wake woyamba, pogula matayala, anatenga amene analowa pa limu, osati amene kalavani inapangidwira. Pamapeto pa nambala ya DOT, yomwe wopanga amadinda m'mbali mwa tayala yoyamba ndi zilembo DOT, panali 3215. Kuyambira chaka cha 2000 manambala anayi omalizawa amanena sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa, ndiye awa anali a sabata ya 32 ya 2015, zaka zoposa 8 pa tsiku la ngozi. Sipeya inali yakale kuposa apo.

Kuyeza kulemera

Apa ndi pamene ambiri timadumpha, chifukwa kumatenga nthawi ndipo kasitomala amakhala akufulumira. Tinapempha bambowo kuti alongedze kalavani ndendende mmene anachitira tsiku la ulendo, madzi m'thanki, chakudya m'filiji, tenti ndi mapolo ake pamalo pomwe anaziika, n'kupita nayo pa sikelo ya magalimoto. Yonse inalemera 1,420 kg. Anasangalala, chifukwa sinapyole 1,500 kg, ndipo ankanena zoona kuti kalavani sanaidzaze mopyola lamulo. Pa kulemera kumeneko 90 kg inkatsamira pa chokokera cha galimoto, yotsalayo, 1,330 kg, inali pa matayala awiri.

Nambala 91 ija ndi load index, yosonyeza kulemera komwe tayala linganyamule, ndipo imatanthauza 615 kg pa tayala limodzi. Awiri ndi 1,230 kg. Apa pokha katundu anali atapyola kale ndi 100 kg. Koma 615 kg imeneyo tayala lotere limaikwanitsa likakhala ndi 250 kPa, osati 200. Chimene chimanyamula katundu ndi mpweya, labala ndi mawaya zimangousunga, choncho ukachepetsa mpweya wachepetsanso mphamvu yonyamula. Ku America lamulo limanenanso kuti tayala la galimoto yaing'ono likaikidwa pa ngolo, mphamvu yake igawidwe ndi 1.1, zomwe zikanatsitsa 615 kufika pafupifupi 559 kg.

Kenaka tinayeza mbali iliyonse payokha, tayala limodzi pa sikelo linalo pansi. Kumanzere kunali 710 kg, kumanja 620 kg. Filiji, batire ndi thanki ya madzi zonse zili kumanzere mu kalavani imeneyi, ndipo tenti anaiikanso komweko chifukwa ndi pafupi ndi chitseko. Onjezani kuti kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo msewu umapendekera kumphepete kuti madzi azitsika, ndiye tayala lakumanzere limasenza zambiri, ndi lomwenso limakumana ndi maenje ndi zinyalala za m'mphepete. Nditafunsa mmene kalavani imaimira pakhomo, zinapezeka kuti mbali yakumanzereyo imayang'ana kumpoto. Johannesburg ili kumwera kwa Tropic of Capricorn, mzere wa pamapu umene kumwera kwake dzuwa silifika pamutu penipeni, kotero dzuwa la masana limakhala chakumpoto chaka chonse. Tayala lomwelo ndi lomwe linkapsa ndi dzuwa miyezi yonse yomwe kalavani inali chiimire.

Chifukwa chake linafa mizere ikadalipo

Tayala la galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku limatha mizere lisanakalambe, n'chifukwa chake tonse tinazolowera kuyang'ana mizere. La kalavani siliyendetsa, silikhotetsa, ndipo limayenda makilomita ochepa pachaka. Likhoza kufika zaka khumi likuoneka ngati latsopano. Koma mkati mwake mpweya wopopedwa uja umalowerera pang'onopang'ono m'labala, ndipo okosijeni amaumitsa labala wopyapyala womata malamba. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Kunja nako, opanga amasakaniza m'labala mankhwala oteteza ku dzuwa ndi mphepo, omwe amatulukira pamwamba tayala likamayenda ndi kupindika. Likangoima, mankhwala a pamwamba amatha, ena satuluka, ming'alu imayamba. Kuima kumene mwini wake ankayesa kuti kukusunga matayala ndi kumene kunkawakalambitsa.

Tsiku la ulendo, labala woumayo amapatsidwa ntchito yaikulu mwadzidzidzi. Amene munapangapo galimoto za mawaya muli ana mukukumbukira kuti waya ukamaupinda uku ndi uku kuti uduke, pamalo popindikapo pamatentha mpaka kuotcha chala. Khoma la tayala limapindika choncho pa kuzungulira kulikonse, ndipo pa 115 km/h tayala la kukula uku limazungulira pafupifupi ka 16 pa sekondi. Mpweya ukachepa kupindikako kumakula, katundu akachuluka kumakulanso, liwiro limachititsa kuti lipindike kambirimbiri pa sekondi, ndipo phula la masana a Disembala sililola kutenthako kutuluka. Chilembo T chija, chomwe chimalola 190 km/h, chimagwira ntchito pa tayala lopopedwa bwino ndi losalemedwa. Pa ili chinalibe tanthauzo.

Nkhani ya kutentha ndi mpweya wochepa si yachilendo. M'chaka cha 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America chifukwa cha kumatuka kwa malamba, makamaka pa galimoto za Ford Explorer, ndipo ngozi zambiri zinachitika m'madera otentha a kumwera kwa dzikolo. Pambuyo pake kunabwera lamulo la TREAD Act, ndipo kuyambira 2007 galimoto zing'onozing'ono zatsopano kumeneko zimayenera kukhala ndi kachipangizo kochenjeza mpweya ukachepa. Kalavani yathuyi inalibe chotero, chonsecho ndi pa kalavani pamene chimafunika kwambiri. Tayala la galimoto likayamba kuphwa umalimva pachiwongolero. La kalavani lili kutali kumbuyo, kuseri kwa chokokera, ndipo ukhoza kuyenda nalo makilomita ambiri osadziwa kanthu. Labala womatuka akamazungulira amamenya chilichonse chomwe wapeza. Apa anaswa chotchinga cha pamwamba pa tayala, anabowola thabwa la pansi, anadula mawaya a magetsi ndi paipi ya madzi, ndipo paipi ya gasi anaiphonya pang'ono. Kukonza zimenezi kunadula kangapo kuposa matayala atatu atsopano.

Sindinapeze umboni uliwonse woti tayalalo linapangidwa molakwika. Matayala opangidwa mwachinyengo alipo, ndipo ndimawaona. Koma tayala la dzina lililonse, likakhala la zaka 8, lolemedwa motero, pa 200 kPa, likanafa chimodzimodzi. Ndinawauza bambowo zimenezi mosabisa, ngakhale zinali zosavuta kungovomereza maganizo awo n'kuwagulitsa odula kwambiri.

Kusankha atsopano

Poyamba pake ndi manambala, dzina limabwera pambuyo. Tinayambira pa mbali yolemera, 710 kg, osati pa theka la kulemera konse, ndipo ine ndimafuna kuti tayala litsale ndi mphamvu yosachepera 10 pa 100 iliyonse pamwamba pa katundu weniweni. Tayala la 185R14C 102/100R, lomwe kachikwangwani kamafuna, limanyamula 850 kg pa 450 kPa. Pa manambala awiriwo, 102 ndi ya tayala lokhala lokha, 100 ndi ya matayala oikidwa awiriawiri moyandikana ngati a kumbuyo kwa lole, ndiye pa kalavani timawerenga yoyamba. Chilembo C chimasonyeza tayala la galimoto zonyamula katundu, la khoma lolimba, lopangidwira mpweya wambiri. Tinaganiziranso 195R14C 106/104, la 950 kg, koma ndi lalitali pang'ono ndipo malo pansi pa chotchinga anali ochepa. Panalibe chifukwa chochokera pa zomwe wopanga kalavani analemba.

Bambowo anali atawerenga pa intaneti za matayala a ST, omwe amapangidwira ngolo ndi makalavani ku America, nafunsa ngati si abwino koposa. Kumeneko ndi amene amabwera ndi makalavani ambiri. Kwa zaka zambiri muyezo wa liwiro lawo unali 65 mph, pafupifupi 105 km/h, ngakhale ambiri a masiku ano amalembedwa chilembo cholola liwiro loposa apo. Vuto lake kuno ndi kupezeka. Matayala a C ndi omwe amayenda pa mateksi ndi pa galimoto zazing'ono za katundu, kotero ukaonongekedwa ku Harrismith kapena ku Estcourt ulipeza tsiku lomwelo. Komanso chifukwa amagulidwa kwambiri, sakhalitsa m'sitolo, ndipo umapeza a deti yatsopano.

Za dzina ndinawauza kuti asankhe kampani yomwe ili ndi woiimira m'dziko muno, yopereka chitsimikizo cholembedwa, ndiponso yofalitsa tebulo losonyeza mpweya woyenera pa katundu aliyense. Kampani yosafalitsa tebulo lotero ine sindiikhulupirira pa kalavani. Matayala atabwera ndinawerenga DOT ya lililonse ndisanaike, onse anali osakwana chaka. Tinasintha atatu, sipeya yomwe. Sipeya yakale ndi msampha, chifukwa imatulutsidwa pa tsiku loipa, pamsewu wotentha, katundu ali yense.

Tinaona kaye ngati malimu angapirire mpweya wa tayala la C, ndipo anali oyenera, poti anali oyambirira a kalavaniyo. Mavalavu a labala tinachotsa. Wamba aja olowetsa mokoka malire ake ndi cha pa 450 kPa, ndipo akale anali atang'aluka kale patsinde. Tinaika achitsulo omanga ndi nati, amenenso amapirira bwino tizipangizo toyeza mpweya tomangirira kunsonga kwa valavu. Tizipangizoto tinaika, ndi kowerengera kake kokhala kutsogolo pafupi ndi woyendetsa.

Mpweya tinauika pa 400 kPa, tayala lili lozizira, motsatira tebulo la kampani ndi kulemera komwe tinayeza. Kupopa mpaka malire pamene katundu safuna zimenezo kumadumphitsa kalavani, makabati n'kumamasuka, koma pa zolakwa ziwirizi kuchepetsa mpweya ndi koopsa kwambiri. Tenti, mapolo ndi mabokosi a zakumwa tinasamutsira kumanja, pamwamba pa ekiselo, ndipo mbali ziwirizo zinatsala pang'ono kufanana. Ndinawatsindikira kuti mpweya uziyezedwa m'mawa asananyamuke, ndi geji yawoyawo, ndipo akaima panjira n'kupeza kuti wakwera, asatulutse. Tayala lotentha mpweya wake umakwera mwachibadwa, ukautulutsa ndiye kuti likazizira likhala lophwa. Manati ayezedwenso kulimba akayenda makilomita 50 oyambirira. Liwiro ndinawapempha lisapyole 100 km/h, ngakhale N3 imalola 120 m'malo ambiri, ndipo potsika Van Reenen's Pass agwiritse giya yotsika kuti mabuleki a kalavani asatenthetse malimu.

Za zaka, bungwe la Caravan and Motorhome Club ku Britain limalangiza kusintha matayala a kalavani akafika zaka 5 ndi kusawagwiritsa ntchito akapyola zaka 7. Kampani ya Michelin imati tayala lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse likapyola zaka 5, ndipo zaka 10 ndi malire. Ku Britain n'kozizira. Ndi dzuwa lathu lino ine ndimaima pa 5, ndipo chaka chosinthira tinachilemba mkati mwa chitseko cha kabati, pamodzi ndi 400 kPa, kuti aliyense wodzagula kalavaniyo adzachione. Pakhomo tsopano matayala amavindikiridwa, ndipo ikakhala miyezi yambiri osayenda amaikweza pa zoimikira zachitsulo pansi pa ekiselo. Timiyendo ta m'makona a kalavani si tonyamulira, n'tongoletsa kugwedera. Pambuyo pa ulendo wa Isitala anabwera nayo kuti tione. Matayala ankadyeka mofanana, panalibe chotupa, ndipo kachipangizo kaja sikanalirepo njira yonse.

Matayala akale

Mnyamata wina wogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito anafika tisanadule lakumanja lija, naliona, nalikonda. "Achimwene, ili ndi lamoyo, mizere yonse ilipo, ndipatseni," anatero. Ndinakana, ndipo titalidula ndinamuonetsa pamene malamba anasiyana. Malamulo a matayala otha ntchito a 2017 kuno amafuna kuti wogulitsa aziononga matayala otere kuti asabwererenso pamsewu, koma si onse amatero, ndipo matayala ochoka pa makalavani ndi amene amathamangiridwa pamsika chifukwa cha maonekedwe ake.

Ambiri a iwo amakathera pa ngolo za abale athu onyamula katundu kuchoka ku Joni kupita kumudzi, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza. Ngolo zimenezo zimanyamula mafiliji, mabedi ndi zitseko mpaka pamwamba, zimayendanso kumanzere kwa msewu njira yonse, ndipo ku Tete mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Amene mumakonza kapena kukoka ngolo zotere, werengani manambala anayi a DOT ndi load index musanapereke ndalama, funani chilembo C, ndipo mukamaliza kulongedza pitani pa sikelo, mbali iliyonse payokha. Sipeya ya bambo aja nayo tinaidula m'mbali tisanaitumize kotaya matayala.